Belu Lomwe Ndinalitseka Pakamwa

Ndinali ndi zaka khumi ndi zisanu, ndili Fomu 2, pamene ndinatsala pang'ono kuphetsa mng'ono wanga chifukwa cha mzere umodzi wa pulogalamu.

Kwathu ku Domasi mtsinje sudikira mvula ya pamudzi. Imatha kugwa kuphiri kokha, kuno dzuwa likuswa mtengo, kenako madzi ofiira n'kungotulukira atanyamula zitsa. N'chifukwa chake aphunzitsi athu a sayansi, a Matiki, atatipatsa kabolodi ka kompyuta kotchedwa maikrokontrola, ine ndinasankha kupanga belu lochenjeza. Sensa yake inali ndi timaso tiwiri toyeza mtunda wofika pamadzi. Madzi akayandikira, belu lilire. Ndinaimangirira panthambi ya mkuyu, kumtunda kwa dooko lomwe amayi ankachapirapo, kabolodi ndi batire n'kuika m'chigubu.

Sabata yoyamba ndinkayenda monyada. Yachiwiri, mavuto. Belu linayamba kulira lokha mtsinje uli phee. Azimayi ankathawa sopo ali m'manja, n'kubwerera akulalata.

"Iwe Halima, chidole chakochi chitidwalitsa mtima," anatero amayi. "Uchikonze, apo ayi uchichotse."

Ndinalumikiza kabolodi ku laputopu ya kusukulu. Manambala ankabwera bwinobwino, koma mwa apo ndi apo pankatulukira ziro, ndipo pulogalamu inkaona ngati madzi afika pasensa penipeni. A Matiki anasuzumira.

"Ziroyi ikuchokera kuti? Kaone kaye mawaya."

Kukaona mawaya kunkatanthauza kukwera mkuyu wodzaza linthumbu. Aa, ine ayi! Ndinangolemba mu pulogalamu kuti ziro ikabwera, kabolodi kaziinyalanyaza. Belu linakhala chete, azimayi anandiyamikira, ine n'kumadziona katswiri.

Linali Loweruka masana. Kuphiri kunada bii, koma kwathu kunalibe ngakhale dontho, mphepo yokha ikununkha dothi lonyowa. Mbalame zinali zitasiya kulira. Amayi anali kudooko ndi Asiyatu, mng'ono wanga wa zaka zinayi. Bambo anaima pakhonde, maso ali kuphiri.

"Chidole chako chija chikugwirabe ntchito?"

"Chikugwira, ababa. Kukanakhala madzi chikanalira."

Anandikhulupirira, nakhala pansi. Mpaka lero zimandiwawa kuti anakhala pansi.

Kenako tinamva mkokomo ngati lole ikubwera patali, koma ukuchokera mbali yomwe kulibe msewu. Belu lili chete. Bambo anathamanga opanda nsapato, ine pambuyo. Tinapeza mwala wochapira utamira kale. Amayi anali atakakamira nsungwi, madzi ali m'chiuno, dzanja linalo atagwira Asiyatu diresi. Bambo anawakokera kumtunda onse awiri. Beseni, zovala, chitenje chatsopano cha amayi, zonse zinapita.

Palibe anandimenya. Bola akanandimenya.

Madzi ataphwera ndinakwera mkuyu uja. Linthumbu linandiluma, koma sindinamve n'komwe. Waya umodzi wa sensa unali utadyeka ndi chinyezi, wobiriwira, n'kuduka. Ziro zoyamba zija, waya unali ukusweka pang'onopang'ono. Utadukiratu, sensa inkangotumiza ziro yokhayokha, kaya kwa masiku angati, ndipo kabolodi kankachita ndendende zomwe ndinakauza.

Lolemba ndinawaonetsa a Matiki waya uja. Sanakalipe. Anautembenuza m'manja nthawi yaitali.

"Sensa inkakuuza kuti yasiya kuona," anatero. "Iwe unaiuza kuti ikhale chete."

Lero ndimakonza zamagetsi ku Zomba, ndipo ndinaphunzira kuti chipangizo chikakhala chete sindiye kuti kuli mtendere, mwina chafa. Chilichonse chomwe ndimapanga chimakhala ndi kalilidwe kapadera kosonyeza kuti sensa yasiya kuona. Makasitomala amadandaula za phokoso, ine ndimangowasiya adandaule.

Asiyatu ndi mtsikana wamkulu tsopano, ndipo za tsiku lija sakumbukira kanthu. Amangodziwa kuti amaopa madzi, moti ngakhale pamlatho amadutsa atatsinzina. Nthawi zina amandifunsa kuti, "Achemwali, kodi mantha amenewa ndinawatenga kuti?" Sindinamuuzebe.