Feteleza amene ndinangomununkhiza

Chaka chimene zipani zinachuluka, ogulitsa feteleza wa pambale nawonso anachuluka pa Benga. Ine ndinali pa tchuthi, nditalephera mayeso a kemisitili ya zitsulo ndi michere ku yunivesite. Pakhomo sindinauze munthu. Ndinkangokhala pakhonde ngati chitsa, ngakhale chisoni osachimva.

Tsiku lina atsibweni anga, mlimi wa mpunga, anabwera ndi feteleza woyera wa yuriya m'kajumbo.

"Mphwanga, paja iwe umaphunzira zimenezi. Tamuone ngati ndi weniweni ndisanagule thumba lonse."

Kayesedwe kake ndinkakadziwa, n'kosavuta: yuriya weniweni amasungunuka yense m'madzi, kapu n'kuzizira. Kapu inali pomwepo, ndowa ya madzi ili pakhomo. Koma kudzuka kunandikulira. Ndinatapa pang'ono, n'kufikisa ndi zala, n'kununkhiza ngati fodya wa m'mphuno, nkhope nditaikwinya monga ankachitira aphunzitsi athu.

"Ndi weniweni," ndinatero.

Anagulitsa mbuzi, n'kukagula thumba.

Nditabweranso pa tchuthi china, ndinapeza mpunga wawo uli wachikasu, wopinimbira. Ndinatapa feteleza wotsala m'thumba muja n'kuthira m'kapu ya madzi. Theka linakhala pansi osasungunuka. Unali mchenga woyera wa kunyanja, wosefedwa bwino.

Atsibweni anandipeza ndikukhuthula kapuyo kuseri kwa nyumba.

"Chaka chino mvula yatilakwira," anatero. "Feteleza ayi, paja unamuyesa wekha."

"Eya, ndi mvula," ndinayankha.

Anamwalira akudandaulabe za mvula ya chaka chimenecho.