Matemba M'chipinda cha Lendi

Chaka chomwe nyanja ya Chilwa inaphwa mpaka mabwato kugona pamatope, ndinaganiza zochoka. Amuna anga anali atamwalira, ndipo kamunda ka mpunga ku Likangala sikankatikwanira ine ndi mayi. Ndinatseka kanyumba kanga ka malata, makiyi n'kusiyira achimwene, ulendo wa ku Bangwe, ku Blantyre.

Ndinapeza chipinda chimodzi cha lendi pa mdadada, makoma ake osafika kudenga. Mneba akatsokomola ndinkamva, koma dzina langa panalibe wolidziwa, ankangonditcha Amatemba. Madzi atabwerera m'nyanja, achimwene ankanditumizira thumba la matemba pa minibasi. Chipindacho ndiye chinali sitolo, ndiyenso chogona. Alandilodi anandichenjeza: "Ndinakupatsani pogona, osati msika." Ndinavomera pakamwa pokha. Ndikanasungira kuti? Mayi akaimba foni ndinkangoti, "Zikuyenda, amayi, tauni yandilandira." Foni ikaduka ndinkalira.

Dzinja lina mvula inagwa sabata yathunthu, matemba n'kuyamba kuchita nkhungu. Kwathu zikatero timawamba. Ndinakoleza moto wa nkhuni m'chipindamo, n'kutseka chitseko kuti alandilodi asaone. Za khoma sindinaganize. Utsi unadutsa pamwamba n'kukadzaza kwa mneba, mayi wosoka zovala, yemwe anali atapachika diresi la ukwati wa Loweruka lomwelo. Linachita chikasu, likununkha nsomba. Mpaka lero ndimachita manyazi ndikakumbukira nkhope yake. Alandilodi sanakalipe n'komwe. Anangoti, "Mawa ndikufuna makiyi anga."

Ndinakwera basi ndi chikwama chimodzi, mtima uli pa kanyumba kanga. Ndinkati kumeneko palibe angandithamangitse.

Ndinafika masana. Pakhonde panali sikelo, pachitseko loko wachilendo. Nditasuzumira pawindo ndinaona matumba a mpunga mpaka kudenga, bedi langa ataliimika pakhoma. Achimwene anabwera akuyang'ana pansi.

"Ndinachititsa lendi kwa bambo wina wa ku Songani, wogula mpunga. Atuluka chaka chamawa."

"Osandifunsa mwiniwake?"

"Inu nomwe munkati zikuyenda, achemwali. Ife timati basi, simudzabweranso."

Achimwene sananame. Malo anga kumudzi ndinawapereka ndekha, pafoni. Tsopano ndimagona kukhitchini kwa mayi, ndipo m'mawa uliwonse ndimakasesa pakhomo panga ogulitsa mpunga asanafike.