Maso achikasu a mkulu wa mpingo

Lachiwiri ndinapita ku Kasenengwa kukatenga thumba la nshawa kwa mlongo wanga Esinati. Ndinapeza amuna ake, aJere, ali khale m'nyumba atavala magalasi akuda. M'nyumba, kunjanso kuli mitambo!

"Alamu, mwayamba liti kuimba m'bandi?" ndinawaseka monga mwa chilamu chathu. Sanandibwezere. Apo ndinadziwa kuti zinthu sizili bwino, chifukwa aJere salola nthabwala kuwadutsa osaibweza.

Esinati anandikokera kuseri kwa nkhokwe. "Achimwene, musakauze munthu. Maso a alamu anu asanduka achikasu. Lero ndi tsiku lachinayi."

"Nanga kuchipatala?"

"Iii, pamzere paja pamadzaza anthu a kumpingo. Akawaona adzati chiyani?"

Mumvetse. AJere ndi mphunzitsi wopuma pantchito, ndiponso mkulu wa mpingo. Mowa sanaulawepo chibadwire, ndipo anthu angapo anaimitsidwa kudya mgonero pa mlandu wa kachasu iwo ali pampando woweruza. Tsono kwathu kuno tinagamula kalekale kuti chiwindi chimadwala mwa zidakwa zokha. Munthu akayera maso mwachikasu, sitifunsa kuti wadwala chiyani. Timafunsa kuti amamwera kuti.

Nditafunsitsa, nkhani inatuluka. Sabata yapitayo thupi linatentha, mutu ukuwawa. AJere anati, "Ndi kamalungo chabe, ine ndakula nawo." Anamwa timapiritsi tamalungo titatu totsala kwa mdzukulu, nawonjezera mapiritsi a mutu m'mawa, masana ndi madzulo, osawerenga. Kutentha kunayamba kubwera ndi kupita, iwo nkumati achira.

Ndinawanyamula mokakamiza, Esinati akulira m'galimoto njira yonse mpaka ku Chipata.

Atawayeza magazi, adokotala anatiitanira pambali. Anati ndi malungo, ndipo afika poipa. Ine ndinkadziwa kuti malungo ndi nkhani ya udzudzu ndi kunjenjemera basi. Sindinkadziwa kuti tizilombo take timayamba tamanga msasa m'chiwindi, kuswana mmenemo, kenaka nkulowa m'magazi ndi kuyamba kuwaswa. Zinyalala zake zikachuluka, chiwindi chotopa kale chimalephera kuzichotsa, ndiye chikasu chija chimatulukira m'maso. Mapiritsi a mutu omwedwa mosawerenga nawonso amakathera m'chiwindi momwemo.

Papepala la zotsatira za kuyezako panalinso za mafuta a m'magazi. Zaka zonsezi aJere akhala akuletsedwa nyama yonona chifukwa mafutawo anali okwera. Esinati ataona kuti atsika, nkhope inawala pang'ono.

"Koma apa pokha zili bwino, si choncho adokotala?"

"Ayi mayi," anayankha. "Sanatsike chifukwa chodya bwino. Malungo ndiwo awasokoneza, ena atsika, ena akwera. Kawirikawiri amabwerera m'malo munthu akachira. Chondidetsa nkhawa ndi masiku anayi amene mwakhala nawo kunyumba."

Masiku anayiwo akundisowetsa mtendere mpaka lero. Ndili ndi mantha, sindibisa. Ndipo mantha anga si a aJere okha.

Ndi angati mwa ife akuluakulu amene timati malungo ndi matenda a ana? Mwana akatentha thupi timathamanga naye, koma tikatentha ife timafufuza m'kabati. Ndi nyumba zingati ku Chipangali, ku Tamanda, ngakhale m'tauni muno, zimene zili ndi kabotolo ka mapiritsi otsala, osungira "tsiku lina"? Otsalawo anatsala bwanji, ngati si kuti wina sanamalize mankhwala ake? Inenso kabotolo kotero ndinali nako. Ndakataya dzulo, manyazi ali tho.

Koma choopsa kuposa kabotolo ndi pakamwa pathu. Esinati si mbuli, anaphunzira kumishoni. Anabisa mwamuna wake chifukwa amatidziwa bwino ife anansi ake. Amadziwa kuti dzuwa lisanalowe mbiri ikanafika kuchigayo kuti mkulu wa mpingo uja amamwera m'chipinda. Akuluakulu anati ukabisa matenda maliro tidzamva, koma sananene kuti nthawi zina omvera malirowo ndi omwe anachititsa kuti matendawo abisidwe.

Pamene ndikulemba izi aJere ali m'wodi, diripu ili pamkono. Adokotala akuti tidikire, sakulonjeza kanthu. Dzulo masana anatsegula maso, nandikodola kuti ndiyandikire. Ndinkaganiza kuti apempha madzi.

"Alamu," ananong'ona, "akumpingo asadziwe kuti ndi chiwindi."

Munthu ali pakati pa moyo ndi imfa, koma chimene akuopa kwambiri si malungo ayi. Akuopa inu ndi ine. Kodi tinakhala liti oopsa chotere?