Mpando wa Josefina m'kalasi ya sayansi

Madamu Barbara Daka anaphunzitsa zaka 26 pa sukulu ya atsikana ya mishoni kwathu kuno ku Luangwa, ndipo wina akakuuzani kuti anadutsa m'manja mwawo osawaopa, ameneyo ndi wabodza. Ine Elisa ndinali mwana wawo wa sukulu, pambuyo pake mphunzitsi mnzawo, ndiye zomwe ndikunena pano si zongomva.

Anabwera kuchokera ku Petauke akali mtsikana, mapepala awo akunena kuti ndi mphunzitsi wa sayansi. Koma kuno aphunzitsi a ku tauni sakhalitsa. Akangolawa dzuwa la Okutobala, n'kumvanso kuti njovu zaima pa msewu wa ku Boma, basi ayamba kudwala matenda ochira ndi transifa. Wa masamu atathawa, a Sisitala, omwe anali ahedi, anapempha a Daka kuti agwirizireko. Wa Chizungu atathawanso, agwirizireko. Kugwirizirako kunatha zaka. Ankatuluka m'kalasi iyi n'kulowa ina choko chili mbuu mpaka m'tsitsi. Mu labu gasi akatha ankabweretsa mbaula ya kunyumba kwawo, ndipo za asidi tinaziphunzira ndi madzi a malambe. Ntchito ankaidziwa mayi aja, pamenepo palibe angatsutse.

Pa sukulupo panali lamulo la Chizungu chokhachokha. Chikunda, Chinsenga, Chinyanja, zonsezo zinali mlandu. Kalasi iliyonse inali ndi monitala wolemba mayina a ophwanya lamulo, ndipo olembedwawo ankatchetcha udzu Loweruka dzuwa likuswa mtengo. A Daka lamuloli ankalikhulupirira ndi mtima wonse, osati chifukwa cha nkhanza ayi. Ankati mayeso sabwera m'Chikunda, ndipo mwana wa ku mtsinje wopanda Chizungu akafika ku Lusaka amangomuseka. Monitala wa giredi 9 chaka chimenecho ndinali ine, ndipo kabuku kanga ndinkayenda nako monyada ngati wapolisi.

M'kalasi mwathu munali Josefina, mwana wa a Everisto aja ankawolotsa anthu pa bwato kupita ku Zumbo. Sukulu anayambira tsidya lija la Mozambiki, m'Chipwitikizi, ndiye Chizungu chinkamulemera pakamwa. Koma manambala, mayo ine! Iye ankafuna kulowa kalasi ya sayansi mu giredi 10, kalasi ya atsikana 30 okha, yomwe mumachokera madokotala. Mayina a olowamo ankasankha a Daka.

Tsiku lina a Daka analemba funso pa bolodi, la bwato lowoloka mtsinje wothamanga, kuti likafikira pati tsidya linalo. Tonse tinangoti kukamwa yasa. Josefina anadziiwala. Anadzambatuka, n'kutenga choko, n'kujambula mizere itatu, akufotokoza m'Chikunda mofulumira kuti wopalasa saloza pomwe akufuna kukafika, amaloza kumtunda chifukwa madzi amamubera njira. Kalasi yonse inamva, ngakhale ife a mitu youma. A Daka anayang'ana bolodi kwa kanthawi, n'kunena kuti yankho ndi lolondola. Kenako anatembenukira kwa ine n'kundiuza kuti ndilembe dzina lake.

Ndinalemba. Loweruka limenelo Josefina anatchetcha udzu kuseri kwa tchalitchi, ndipo kuchokera pamenepo sanakwezenso mkono m'kalasi. Akafunsidwa ankangoyang'ana desiki mpaka a Daka atope.

Chomwe a Daka sankadziwa n'chakuti Lamulungu lililonse tikatuluka ku Misa, tinkasonkhana pa zingwe zoyanikira zovala kuseri kwa hositelo, Josefina n'kumatiphunzitsa masamu akulemba pansi ndi kamtengo. Zonse m'Chikunda. Kumeneko kabuku kanga sindinkapita nako, poti amene ankafunsa kwambiri ndinali ine.

Zotsatira za giredi 9 zitatuluka, Josefina anatiposa tonse pa masamu ndi sayansi, koma Chizungu anangopulumukira pa kamphako. Ine ndinali wapakati chabe, kupatula Chizungucho, chomwe ndinkachitafuna bwino. Malo anatsala amodzi. A Daka anatiitana tonse awiri ku stafu, n'kumuuza Josefina pamaso panga kuti sayansi ya ku sekondale ndi ina, imafuna mwana wotha kuganiza ndi kuyankha, ndipo mutu wake sungakwanitse, adzangovutika pachabe. Ananena mofatsa, ngati akumuthandiza. Josefina anagwada n'kuthokoza. Ine ndinali chilili pomwepo, ndikudziwa bwinobwino kuti masamu anandifikitsa pa khomo limenelo ndi a yani, koma pakamwa panga ndinatseka. Mpandowo ndinkaufuna, ndisaname.

Josefina anapita m'kalasi ya zophika ndi zosoka. Ali giredi 11 anapita ku holide osabweranso, ndipo tinamva kuti wakwatiwa ku Boma.

Ine udokotala sindinaununkhe n'komwe. Ndinachita za uphunzitsi, ndipo mu 2018 ananditumiza pa sukulu yomweyo. Madzulo ena tikuchonga mabuku mu stafu, a Daka anandiyamikira kuti mwa ana awo onse ine ndine umboni woti sanalakwitsepo posankha. Mawu amenewo anandiwotcha, ndipo ndinawauza zonse, za zingwe zoyanikira zovala ndi kamtengo kaja. Sanandikalipire. Anangoika bolopeni pansi, n'kufunsa kawiri ngati anali Lamulungu lililonse.

Kuchokera temu imeneyo anasintha. Mwana akakakamira pa Chizungu ankamuuza kuti ayambe wafotokoza m'chinenero cha amayi ake, Chizungucho achipeza limodzi pambuyo. A Sisitala atsopano anawaitana kangapo za nkhaniyi, koma a Daka anali atakalamba mokwanira kuti asaope munthu. Atsikana ambiri anapindula, koma iwo sizinkawatonthoza. Ankati athira mchere ndiwo zitapserera kale.

Chaka chatha anapuma pa ntchito. Kutatsala masiku atatu kuti abwerere ku Petauke, anandipempha kuti ndiwaperekeze ku Boma. Josefina tinamupeza ku doko, akutembenuza nsomba pa thandala, chitenje chili m'chiuno. Atawaona anapukuta manja msangamsanga n'kugwada pa mchenga wotenthawo. Anasangalala zenizeni, zomwe zinandipweteka kuposa akanatitukwana. Anatiuza za ana ake anayi, makamaka woyamba, Madalena wa giredi 7, amene aphunzitsi ake akuumirira kuti akayese pa sukulu yathu chifukwa masamu amangowamwa. Koma iye anali atamuuza kale mwanayo kuti asadzivutitse, akamaliza adzathandize za nsomba, poti mutu wa mwana ndi wa mayi ake.

A Daka anagwira thandala lija. Ndinali ndisanawamvepo akulankhula chinenero china ndi mwana wa sukulu, koma tsiku limenelo Chizungu anachisiya.

"Josefina mwanawanga, amene analakwa ndine. Mpando uja unali wako. Pa ana onse amene ndaphunzitsa, palibe anali ndi mutu wa masamu ngati iwe."

Josefina anaseka, akuwomba m'manja pang'onopang'ono.

"Aa Madamu, musandinyengerere, manje ndakula ine. Munandiuza zoona kalekale, ndipo munandithandiza kuti ndisataye nthawi."

Inenso ndinalowererapo, ndikulira ngati chitsiru pakati pa anthu ogula nsomba. Ndinamukumbutsa kuti masamu onse ndinaphunzira kwa iye. Anandigwira dzanja n'kunena kuti zija zinali zosewera chabe za atsikana, a nzeru enieni tinali ife otha kuyankha m'kalasi. A Daka anachonderera mpaka mawu anawathera, kuti iye asawakhululukire ngati safuna, koma Madalena yekhayo amulole. Josefina anati adzaganizapo, monga momwe timayankhira akuluakulu tikafuna kuti asachite manyazi. Anawakulungira nsomba ziwiri zazikulu mu pepala, n'kutiperekeza mpaka pa msewu.

M'galimoto yobwerera, titadutsa midzi iwiri, a Daka anati chomwe chikuwawawa n'chakuti Josefina anali mwana womvera. Anamuuza kamodzi kokha, iye n'kusunga zaka zonsezi.

Ine ndinapitakonso kawiri ndekha, ndi mafomu a sukulu a Madalena m'manja. Ulendo woyamba Josefina anandipatsa mpando ndi madzi akumwa, n'kulandira mafomuwo ndi manja awiri. Ulendo wachiwiri sindinamupeze, anthu a pa doko anandiuza kuti wawoloka, ali ku Zumbo.

Mu Januwale, sabata yomwe atsikana atsopano amafika ndi masutikesi awo, a Daka anandiimbira foni kuchokera ku Petauke. Sanapereke ndi moni womwe, anangofunsa ngati Madalena wabwera. Ndinawauza kuti ayi. Za mwanayo sanazitchulenso, anangondifunsa ngati kuno mvula ikugwa.