Khonde la aneba athu a ku Rhodesia

Nditakwatiwa, amuna anga ananditenga ku Katete n'kubwera nane ku Kabwata, komboni ya mulikulu la dziko. Iwo anali kalaliki m'maofesi a boma ku Longacres, ndipo tinkakhala m'nyumba ya khonsolo. Nyumbazo zinali zogundana ziwiriziwiri, moti mnzako akatsokomola kuseri kwa khoma iwe unkamva.

Kuseri kwa khoma lathu kunkakhala mayi wina wochokera ku Rhodesia ndi ana ake aakazi awiri. Anathawa nkhondo kwawo. Amuna ake tinali tisanawaonepo, ndipo palibe ankafunsa. Chinyanja ankachilankhula mothyokathyoka, koma dimba lake la repu linkadyetsa mzere wonse.

Tsidya lina la msewu kunali mayi wa Chibemba, wathupi, wa mawu aakulu, amene anali ndi tebulo pamsika. Tonse, akulu ndi ana omwe, tinkangowatcha ba mayo. Ndiwo anandiphunzitsa kuyatsa mbaula popanda kudzaza utsi m'nyumba, ndiponso kukwera minibasi ya ku Cairo Road osasochera.

Chaka chomwe ndinali ndi pakati poyamba, ndege za asilikali a boma la Rhodesia zinayamba kuphulitsa misasa ya othawa nkhondo kunja kwa tauni. Kenako kunamveka mphekesera zoti akusakanso nyumba za m'makomboni momwe munkakhala anthu a ku Rhodesia. Mzere wathu unazizira. Amayi analetsa ana awo kusewera pakhomo pa mayi uja. Pampopi anthu ankamupatsa moni wa kukhosi n'kufulumira kuchoka. Abambo ena anapita kwa atcheyamani a chipani kukapempha kuti asamutsidwe. Amuna anga nawo anayamba kunena zoti ndikakhaleko kwa akulu awo ku Chelstone mpaka nditachira.

Mayi uja anaziona zonse. Anasiya kutuluka, makatani ake anali otseka ngakhale masana.

Loweruka lina dzuwa litapendeka, ndili pakhomo kusankha nyemba, ndinaona ba mayo akudumpha msewu. Ananyamula kampando, chipeso ndi ulusi wakuda wolukira tsitsi, mdzukulu wawo ali pambuyo. Anafika pakhonde la mayi uja n'kugogoda mwamphamvu.

"Odi ba neba! Muli shani? Nabwela kulukila pano, kwanga kulibe mthunzi."

Chonsecho pakhomo pa ba mayo panali mtengo wa mango waukulu kuposa yonse mumsewuwo.

Mayi uja anatsegula pang'ono. Anafunsa motsitsa mawu ngati sakuopa kukhala pamenepo.

"Kuyopa chani? Bomba siiwelenga manambala ya manyumba. Ikabwela kwanu, na kwanga izafika. Nipaseni mwana uyo, tsitsi yake yaoneka monga chisa cha nkhuku."

Anakhala pansi, nayika mwana wa mayiyo pakati pa miyendo yawo. Atandiona ndikuyang'ana, anandikodola.

"Iwe wa ku Katete, bwela unigwilileko ulusi. Uzabala mwana waulesi ukankhala so."

Ndinapita ndi lichero langa lomwe. Galimoto ikadutsa ndinkacheukira kumsewu, koma ba mayo anayamba nkhani ya mwamuna wina wa pamsika amene anagula nsapato za phazi limodzi, ndipo ndinamva mayi uja akuseka. Ndinali ndisanamumvepo akuseka chotero.

Loweruka lotsatira ba mayo anabweranso, ulendo uno ndi mkazi wa aphunzitsi. Kenako amayi a kwaya ya ku Katolika anayamba kumadzera pomwepo pochokera ku mapraktisi. Khonde linachepa, tinayala mphasa pabwalo. Ana anabwerera okha, popeza amayi awo anali pomwepo.

Atcheyamani anafikadi tsiku lina atavala safari suti yawo, natipeza tadzaza. Ba mayo anawapatsa mpando ndi kapu ya munkoyo, chakumwa chonga thobwa, kenako anati:

"Ba chairman, ngati mwabwela kuchosa uyu, muyambe kunyamula ine. Koma ndine olema."

Amayi anaseka. Atcheyamani anamwa munkoyo wawo, nafunsa za thanzi la ana, n'kutsanzika. Nkhani yosamutsa ija sitinaimvenso. Ku Chelstone sindinapite. Nditachira, mayi wa ku Rhodesia ndiye ankanditenthetsera madzi ndi kuchapa matewera a mwana wanga, chifukwa amayi anga anachedwa kufika kuchokera ku Katete.

Nkhondo itatha kwawo, kunafika bambo wamtali, woonda, wotsimphina mwendo umodzi. Anali amuna ake a mayi wa ku Rhodesia uja. Anayenda khomo ndi khomo kuthokoza, chipewa chili m'manja. Ba mayo sanawapeze pakhomo, choncho ine ndinawaperekeza kumsika. Bamboyo anagwada pansi pafumbi pamaso pa anthu onse nayamba kulankhula, misozi ili m'maso.

Ba mayo sanawalole kumaliza.

"Imani, muzadetsa buluku. Ndimwe munasiya mukazi na bana zaka zonse izi? Chabwino, mwabwela. Nyamulani beseni iyi, tiyende kunyumba mukadye."

Bamboyo anasenza beseni la kapenta pamutu, ndipo tinayenda atatu mumsewu wa Kabwata, ba mayo ali patsogolo kuuza aliyense wokumana naye kuti mulamu wawo wabwera.