Kamtengo Koyezera Mabenchi a Asilikali

Zaka zitatu ndinayenda ndi fayilo m'khwapa, kufuna kuti kakampani kanga ka ukalipentala kapeze ntchito kwa asilikali. Ntchito za tenda zoterezi zimagwera anthu a mataye, osati ife a ku Glen View opala matabwa pamtetete, utuchi uli m'tsitsi. Koma ine ndine wa liuma. Atatopa nane, asilikaliwo anandiyesa ndi mabenchi makumi awiri a m'chipinda chodyera. Akakhutira, dzina langa lilowa m'kaundula wa owagulitsa katundu. Akapanda kukhutira, ndiiwale.

Kwathu ntchito yaikulu sudya wekha. Ndinagawira anzanga, ndipo mabenchi asanu ndinapatsa bambo aang'ono, amene anandiphunzitsa kugwira sowo. Iwo tepi sankaiwerengera. Ankayeza ndi chikhatho ndi diso, ndipo mipando yawo ili ponseponse mpaka ku Budiriro.

Kukampu, sajeni anandandalika mabenchiwo n'kukoka chingwe pamwamba pake. Asanu aja anatalika ndi chala chimodzi. Anali okongola kuposa onse, ndikunenetsa.

"Kuno zonse zimafanana," anatero sajeni. "Lachisanu zikhale zitakonzeka, apo ayi tiitana wina."

Ndinagwidwa manyazi, kenako mantha. Munthu amene anakuphunzitsa ntchito umamuuza bwanji kuti walakwitsa? Ndinadula kamtengo kofanana ndendende ndi mwendo wofunikawo, n'kulunjika kushedi kwawo.

"Bambo, mabenchi anu abwezedwa."

"Athyoka?"

"Ayi, atalika."

"Iwe! Ndinayamba izi usanabadwe. Msojayo anakhalapo?"

"Sanakhalepo. Anangokoka chingwe."

"Ndiye ndidule miyendo yabwinobwino chifukwa cha chingwe?"

"Eya, bambo. Mukakana ndidula ndekha, koma tenda iyi sindiitaya."

Chibadwire ndinali ndisanawayankhepo chotero. Koma sindinasunthe. Iwo anatsomphola kamtengo kaja m'manja mwanga.

"Usakhudze ntchito yanga," anatero.

Anadula okha miyendo yonse makumi awiri. Lachisanu chingwe chinagona bwinobwino, ndipo dzina langa linalowa m'kaundula.

Kamtengo kaja sanandibwezere, kali pamsomali m'shedi mwawo. Kale ndikafika ankati, "Mwanangu, khala apa." Masiku ano ndikabwera ndi oda yatsopano amaimirira, n'kupukuta manja, n'kufunsa kuti, "Bwana, muyezo wake ndi uti?" Mawu amenewo amandibaya mumtima, koma muyezowo ndimawapatsa.