Khadi la ku Champhira

Chaka chimene mkazi wanga anamwalira, wailesi ina inayamba kubwereza mapologalamu akale a nyimbo makumi awiri zotchuka, aja tinkamvera Loweruka masana tili anyamata. Akuti anapeza matepi atadzala fumbi m'chipinda china, ndiye anaganiza zomatipweteka nawo mitima Lamlungu lililonse anthu akaweruka ku tchalitchi. Sabata iliyonse tepi imodzi, mwa ndondomeko yake, kuyambira nyimbo ya kumchira mpaka ya pamwamba, ndi mawu a muulutsi wakale uja amene anatisiya kalekale koma pa tepi akungosekabe.

Ine ndimakhala ndekha kuno ku Mzimba boma, kuseri kwa msika, m'nyumba ya zipinda zitatu. Ziwirizo ndimangozitsegula pothamangitsa makoswe. Kwathu ndi ku Dedza. Ndinabwera kuno ndili mnyamata kudzagwira ntchito ya nkhalango ku Luwawa, n'kukwatira mkazi wa ku Champhira. Mwana wathu mmodzi yekhayo, wamkazi, ali ku Joni ndi banja lake, amaimba foni akakumbukira. Imvi zatha kumera m'mutu ndili konkuno, koma pamsika akamandilozera mlendo amati, pitani kwa Mchewa uja.

Amene sanaione pologalamu imeneyi ndimufotokozere. Masiku amenewo nyimbo sinkakwera yokha. Anthu tinkagula khadi ku positi, n'kulemba nyimbo imene tikuifuna, pansi pake moni kwa abale. Nyimbo yolandira makhadi ambiri ndiyo inkakwera. Isanayimbe nyimbo iliyonse, muulutsi ankatola makhadi awiri kapena atatu n'kuwerenga. Dzina lako likamveka, sabata yonseyo unkayenda ngati wagula galimoto. Ku Luwawa tinkasonkhana pakhonde pa kapitawo wathu, amene anali ndi wailesi yaikulu ya mabatire asanu ndi limodzi, bawo ili pakati, phokoso lokhalokha. Kunena zoona panalibe amene ankamvetsera moni wa eni ake. Makutu ankangodzuka likatchulidwa dzina lodziwika.

Nanenso ndinali ndi kawailesi kanga kakang'ono, kachikopa chakuda, chinthu choyamba chimene ndinagula ndi thukuta langa. Mkazi wanga ndiye ankakakonda kuposa ine. Ankati Chichewa akuphunzirira pamenepo, chifukwa ine ndinali mphunzitsi wopanda chifundo.

Apa sananame. Pakamwa panga mpoyabwa chibadwire. Chichewa chake chinali chosakaniza ndi Chitumbuka cha kwawo, mawu awiri aliwonse pakati pake pali mbwenu, pothokoza yewo chomene, popempha ndapota. Chaka china, mwana wathu asanayambe kuyenda, kunabwera mlongo wanga ndi alamu kuchokera ku Dedza. Mkazi wanga atagwada kuwapatsa madzi osamba m'manja, akuyesetsa kulankhula bwino kuti asandichititse manyazi, ine ndinayamba kumutsanzira, mawu ake enieniwo, mpaka kaweramidwe ka mutu. Mlongo wanga anaseka mpaka misozi. Alamu anatsamwa ndi madzi. Iye anangomaliza kuwasambitsa m'manja, n'kutuluka ndi beseni lake. Alendo atapita, tsiku lotsatira pobwera ku ntchito ndinapeza nyumba ili pululu. Anatenga mwana, zovala zake, ndi wailesi yanga.

Ndikuchita manyazi kunena kuti chimene chinandipsetsa mtima kwambiri tsiku limenelo chinali wailesiyo. Anzanga anandiseka kuti Mchewa walandidwa mkazi ndi nyimbo zomwe. Ndinalumbira kuti sindikamutenga, anapita ndi miyendo yake abwera ndi miyendo yake. Inali nyengo ya moto wa m'tchire, dzuwa likuswa mtengo, ndipo pankafunika munthu wokhala pa nsanja pamwamba pa phiri kuyang'ana utsi m'mitengo ya paini. Ntchito ya Loweruka anthu onse ankaikana chifukwa cha pologalamu ija. Ine ndinaipempha ndekha, kuthawa kusekedwa pakhonde pa kapitawo. Loweruka lililonse ndinkakhala m'mwambamo, ine ndi mphepo basi.

Mkazi wanga anabwera yekha mvula yoyamba itagwa, mwana kumsana, wailesi pamutu ataikulunga m'chitenje kuti isanyowe. Anaiika pa tebulo, n'kunena osandiyang'ana:

"Ndinakuitanani pa wailesi. Dziko lonse linamva. Inu simunabwere."

Ndinamufunsa ngati dzina langa linatchulidwa. Anayang'ana pansi, n'kuyamba kumasula mwana kumsana. M'mawa mwake ndinapita kwa kapitawo, ndinafunsa iye ndi onse a pa bawo paja ngati anamvapo dzina langa Loweruka lina lililonse. Anati ayi, likanamveka akanakanditsitsa pa nsanja atandinyamula pamapewa. Basi, kwa ine mlandu unathera pomwepo. Ndinati mkaziyu wachita manyazi kubwera wosatengedwa, ndiye wapeka bodza loti abisalemo.

Bodzalo ndinalisandutsa nthabwala ya pakhomo. Akanena kanthu kalikonse kamene ndikukayikira, kaya kuti nkhuku yatengedwa ndi kabawi, kaya kuti mchere watha, ndinkati, kodi zimenezinso munalengeza pa wailesi? Mwana wathu anakula akuimva nthabwala imeneyi mpaka nayenso anayamba kuwanena nayo amayi ake. Mkazi wanga sankakangana nane. Ankangoti inali sabata imene nyimbo ya basi inali pa nambala yachitatu. Nyimbo imeneyi inali ya gitala mmodzi ndi mawu olira m'mphuno, yonena za munthu wosiyidwa ndi basi pa siteji. Ine sindinkaikonda, ndinkati woimbayo akumva chimfine.

Tinakhala limodzi zaka zoposa makumi atatu, ndipo sitinakhale moipa. Anali mkazi wa mwambo wa kwawo. Pa zaka zonsezo sindinamumvepo akutchula dzina langa, ngakhale tili awiri, ngakhale atakwiya. Ndinali abambo a mwana, kapena imwe. Ku chipatala akamufunsa dzina la mwamuna wake ankatembenukira kwa ine kuti ndinene ndekha. Ndinazolowera zimenezi monga munthu amazolowera chitseko cha nyumba yake, osachionanso.

Masiku ake omaliza, atagona osathanso kudzuka, anandiyang'ana tsiku lina masana n'kunena kuti khadi lija analemba ndithu. Ine ndinafuna kumuseketsa. Ndinati nanga zimenezinso mukalengeza pa wailesi? Sanaseke. Anatembenukira kukhoma. Patapita masiku anayi tinamuika.

Ndiye mungamvetse chimene chinandichitikira Lamlungu lina, ndikusenda mbatata ndekha pakhonde, nditamva muulutsi wakufa uja akuti pali nyimbo yatsopano yalowa kumchira, kenako gitala mmodzi uja ndi mawu a m'mphuno aja. Mpeni unandigwa. Ndinawerenga m'mutu kuti ngati matepi akuyenda mwa ndondomeko, nyimboyi ikwera sabata ndi sabata, ndipo tsiku lina ifika pa nambala yachitatu. Kutsutsa galu n'kukumba. Ndinali ndi mantha mbali zonse ziwiri. Likapanda kumveka khadilo, ndiye kuti anandinamiza mpaka pa bedi la imfa. Likamveka, ndiye kuti ine ndine ndani?

Kuyambira pamenepo Lamlungu langa linasintha. Ku tchalitchi ndinkatuluka zolengeza zisanathe. Magetsi kuno sadalirika, ndiye ndinapita kwa mnzanga wina wachisilamu amene amagulitsa matochi ndi mabatire mumsika. Atandiona ndikugula mabatire sabata yachitatu yotsatizana anandifunsa ngati ndayamba kuwadyera ndiwo. Ndinamuuza kuti ndikutsatira nyimbo inayake. Anaseka, akuti akulu, nyimbo zimenezo zinapikisana kale, wopambana anapambana ife tisanamere ndevu, mukuvutikiranji ngati mpira wa lero. Sindinamuuze zambiri. Nkhani ngati imeneyi ukaiyamba pa msika umaimaliza ukulira pakati pa matochi.

Chinkandinyansa ndi kamnyamata kamene anakaika kuti kaziyendetsa matepiwo. Kankalowerera pakati n'kumatiuza kuti agogo athu ankavina zoterezi, kenako malonda a feteleza. Nthawi zina kankadula moni wonse n'kungoimba nyimbo, akuti nthawi yathawa. Ndinkatukwana wailesi ndekha m'nyumba mpaka galu wa aneba kuyamba kuuwa. Sabata ina kanalengeza kuti tepi yotsatira inadyedwa ndi chinyezi, tilumpha. Nyimbo ya basi inali pa nambala yachisanu ndi chiwiri, ndipo titalumpha tinaipeza pa yachisanu. Mtima unakhala pansi pang'ono, koma sabata imeneyo chakudya sichinkalowa. Ndinkangoganiza kuti chinyezi chimenecho chikanatha kusankha tepi ina.

Lamlungu lotsatira ndinatseka chitseko ndi mawindo, foni ndinathimitsa. Nyimbo zinayenda kuchokera kumchira. Yachisanu sinali ya basi. Yachinayi sinali ya basi. Kenako muulutsi wakale uja anati tafika pa nambala yachitatu, ndipo ndinamva mapepala akukhwekhwereza m'manja mwake. Khadi loyamba linali la msilikali wina kupereka moni kwa makolo ake. Lachiwiri la ana a sukulu. Ndiye anati pali lina lochokera ku Champhira, m'boma la Mzimba, n'kutchula chiwongo cha mkazi wanga, chimene ku Luwawa kunalibe ankachidziwa, poti onse ankangomuti mkazi wa Mchewa. Anaseka pang'ono, akuti mayiwa sanalembe dzina la munthu amene akumupatsa moni, koma awerenga momwe alembera:

"Kwa abambo a mwana wanga. Dzina sindingatchule, kwathu sitichita. Ndapota, mukangomva uthengawu, Lachiwiri lake ndidzakhala pa siteji pa Champhira kuyambira m'mawa, ine ndi mwana ndi wailesi yanu. Chichewa ndikuphunzira. Mbwenu mubwere mudzatitenge."

Muulutsi anati bambo inu, kulikonse kumene muli, mwamva, Lachiwiri musachedwe. Gitala uja anayamba.

Sindikudziwa kuti nambala yachiwiri ndi yoyamba zinali nyimbo ziti. Ndinakhala pampando pomwepo manja ali m'maondo. Anali mawu ake enieni, kalankhulidwe kake kamene ndinakatsanzira pamaso pa alendo, ndipo anakatumiza yekha kuti kawerengedwe dziko lonse likumva. Ankadziwa kuti Loweruka sindijomba pakhonde pa kapitawo, nchifukwa chake sanadandaule kuti wailesi ali nayo ndi iye. Sanadziwe kuti ndathawira pa nsanja. Ndipo ine, munthu amene ndinakhala naye zaka zonsezo osamumva akutchula dzina langa ngakhale kamodzi, ndinazungulira msasa wonse kufunsa ngati dzina langa linamveka. Uchitsiru woposa pamenepa sindinaumvepo. Za Lachiwiri ndi za pa siteji sanandiuzepo chikhalire. Mwina anaona kuti munthu amene wakana khadi sangakhulupirire za siteji.

Ndinayatsa foni kuti ndimuimbire mwana wanga. Inaitana mpaka kuduka. Madzulo anatumiza uthenga kuti ali ku ntchito, adzaimba. Ndinayamba kumulembera, koma ndinafufuta. Nthabwala ija ndinamuphunzitsa ndine, ndipo sindinkadziwa kuti munthu amayambira pati pomuuza mwana wake zoterezi pa foni.

Lachiwiri ndinadzuka m'mamawa, ndinasita malaya, ndinakwera minibasi ya ku Jenda, kenako njinga yamoto mpaka pa Champhira. Malo asintha. Pamene pankaima basi pali mashopu, ena akuwotcha chimanga, ena akukonza matayala. Mtengo waukulu umene unali pamenepo anaudula. Ndinapempha benchi kwa mayi wina wogulitsa tomato n'kukhala chapafupi ndi msewu. Anandifunsa m'Chitumbuka ngati ndikudikira munthu. Ndinati eya, n'kuthokoza chifukwa cha benchi. Sanafunsenso.

Dzuwa linakwera, mthunzi unathawa, ndinasuntha benchi. Galimoto iliyonse ikaima ndinkapezeka ndadzutsa mutu kuyang'ana amene akutsika, ngakhale ndinkadziwa bwino lomwe kuti palibe wanga. Ndinamvetsa kuti tsiku lija mkazi wanganso ankachita chimodzimodzi, koma iye anali ndi mwana kumsana, wailesi m'manja, ndipo ankakhulupirira kuti nditsika. Cha m'ma folo mayi wa tomato anayamba kulongedza, ndipo ndinamubwezera benchi yake. Ine ndinachoka nthawi imeneyo. Mkazi wanga tsiku lija anakhala mpaka nthawi yanji sindikudziwa, ndipo palibenso woti ndimufunse.